Galu nayenso amafunika mwambo

Nyumba za lendi zadula mu Lilongwe, ndipo ambiri mwa ife amene timagwira ntchito ku Capital Hill tinaiwalako zokhala tokha m'nyumba ya zipinda zitatu. Timasonkherana awiriawiri kapena atatuatatu ku Area 18 kapena ku Area 47, n'kumagawana khitchini, bafa ndi ndalama ya magetsi. Pogwirizana malamulo a pakhomo timakumbukira za alendo, za phokoso la wailesi ndi za kusesa. Za galu palibe amene amaziganizira, mpaka tsiku limene wina wafika naye ali m'katoni.

Mnzanga amene ndimakhala naye anagula kagalu kwa anyamata aja ogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu. Anati n'chitetezo, ndipo poti akuba sasowa mumzinda muno, palibe amene anatsutsa. Lero kagalu kaja kakula, chaka ndi theka chatha, koma ngakhale dzina lake sikalidziwa. Nsapato zanga zakuntchito anazitafuna. Zovala pachingwe amazigwetsa. Mayi amene ankatibweretsera masamba anasiya kugogoda pageti. Izi n'zazing'ono. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti geti likangotseguka pang'ono amatuluka liwiro, ndipo msewu wathu ndi umene ana amadutsa popita kusukulu.

Ndikadandaula, mnzangayo amangoti, "Achimwene, galu ndi galu, akakula asintha. Ndiponso mukam'phunzitsa ulemu, akuba adzawauwa ndani?"

Maganizo amenewa ali ndi anthu ambiri, koma ndi olakwika. Agalu a apolisi ndi oopsa, koma ndi omwewonso amene amamvera kuposa agalu onse. Kumudzi, alenje ankapita kuuzimba ndi agalu amene ankabwerera pongomva likhweru la mbuye wawo. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, kutanthauza kuti akachita kanthu pali chifukwa. Koma galu wouwa mphaka, njinga ndi pepala louluka amatizoloweretsa phokoso, ndipo usiku umene mbala idzabweredi palibe amene adzadzuke.

Kuphunzitsa galu sikufuna chikwapu. Ena amam'manga patcheni tsiku lonse, ena amam'menya, ena mpaka amalangiza zom'dyetsa tsabola kapena chamba kuti aluse. Zimenezi zimabala galu wamantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mosasankha, ngakhale mwana wa pakhomo pomwepo.

Njira yake ndi yapafupi. Sankhani mawu ochepa: bwera, khala, siya, gona. Muzim'phunzitsa mphindi 5 kapena 10 zokha, kawiri kapena katatu patsiku. Akamvera, m'patseni kausipa nthawi yomweyo, chifukwa galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene wangochita kumene. Aliyense wa pakhomo azigwiritsa ntchito mawu omwewo; wina akamati "siya" pamene wina akuseka n'kumam'sisita, galuyo asokonezeka. Akathawa n'kubwerera, musam'menye, chifukwa adzaphunzira kuti kubwera kwa inu kumapweteka. Muziyendanso naye pachingwe tsiku lililonse, popeza galu wotopa satafuna nsapato. Miyezi itatu yoyambirira ndi imene kagalu kamazolowera anthu mosavuta, paja kuwongola mtengo m'poyamba. Komabe galu wamkulu nayenso amaphunzira, kungoti amafuna kuleza mtima.

Nkhaniyi ikukhudzanso moyo. Bungwe la World Health Organization limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewa amawatenga kwa agalu. Ambiri mwa iwo ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka, munthu sachira. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ku Blantyre kuyambira mu 2015, ndipo kuno bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals limachitanso ntchito yotereyi. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe.

Tsono taganizani: galu amene sabwera mukamuitana, amene salola kugwidwa, mupita naye bwanji kokabayitsa? Galu wothawathawa amakumana ndi agalu osokera kumadzala a zinyalala, n'kubwerera pakhomo ndi mabala amene simudziwa kuti wam'luma ndani. Kumvera ndi katemera zimayendera limodzi.

Galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti muone kaye ngati galuyo adwale.

Kwa anzanga okhala m'nyumba zogawana, pempho langa ndi ili: nkhani ya galu izikambidwa asanafike. Mwini wake ndani? Chakudya, katemera ndi mankhwala a nkhupakupa alipira ndani? Akawononga katundu wa wina, abweza ndani? Mwininyumba wavomera? Mafunsowa amaoneka ngati kuuma mtima, koma ndi amene amasunga ubale, chifukwa mwana wa eni akalumidwa, makolo ake safunsa kuti galuyo anagula ndani. Amabwera pakhomo ponse.

Kwa inu eni agalu, dziwani kuti galu alibe mlandu. Amachita zimene wazolowetsedwa. Ngati tili ndi nthawi yokhala pa WhatsApp madzulo onse, mphindi 10 zophunzitsa galu kuti "bwera" sizingatisowe.