ZA MAULENDO: Malangizo kwa Opita ku Macau

Mwezi uno tikutengerani kutali, ku gombe la kumwera kwa dziko la China, kumene kuli mzinda waung'ono wochedwa Macau. Abale athu ambiri ocita malonda amapita ku Guangzhou kukagula katundu, koma ndi ocepa amene adziwa kuti pafupi ndi kumeneko pali mzinda umene Cikatolika cinazikamo mizu zaka zoposa 400 zapitazo.

Apwitikizi anayamba kukhala ku Macau ca m'ma 1557, ndipo anaulamulira kufikira pa 20 Disembala 1999 pamene anaubwezera ku China. Mpaka lero maina a misewu amalembedwa m'Cichaina ndi m'Cipwitikizi, ngakhale kuti anthu ambiri amalankhula Cikantoni. Papa Gregory XIII anakhazikitsa Dayosizi ya Macau mu 1576. Kumeneku ndi kumene Bambo Matteo Ricci anafikira mu 1582, nayamba kuphunzira cinenero asanalowe m'kati mwa China caka cotsatira.

Coyamba, samalirani makalata a ulendo. Macau ali m'dziko la China, koma ali ndi malire ndi malamulo akeake a zolowa ndi kutuluka. Ngati viza yanu ya China ndi yolowera kamodzi cabe, mukangowolokera ku Macau yatha nchito, ndipo simudzaloledwa kubwerera ku Guangzhou kumene mwasiya katundu wanu. Safunsa anadya phula. Pitani ku ofesi ya kazembe wa China mukafunse bwino musanagule tikiti ya ndeke.

Caciwiri, njira ndi nyengo. Wocokera ku Guangzhou angakwere sitima ya pamtunda kufika ku Zhuhai, ndipo kucokera pamenepo awoloka malire ndi miyendo. Wocokera ku Hong Kong angakwere boti, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kapena basi yodutsa pa ulalo wa makilomita 55 umene unatsegulidwa mu 2018. Miyezi yabwino ndi Okutobala, Novembala ndi Disembala. Pakati pa caka kumatentha kwambiri, ndipo ndiyo nyengo ya anamondwe: mu Ogasiti 2017 namondwe wochedwa Hato anapha anthu 10 mumzindawu. Boma likalengeza cenjezo la nambala 8, maboti ndi mabasi amaima, cotero siyani tsiku limodzi lapadera pa ndondomeko yanu.

Cacitatu, zoona. Valani nsapato zofewa, pakuti mzinda wakale, umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 2005, uli ndi zitunda ndi tinjira ta miyala. Yambirani pa bwalo la Senado, pamene pali nyumba ya Santa Casa da Misericórdia, bungwe lothandiza osauka ndi odwala limene Episkopi Belchior Carneiro anayambitsa mu 1569. Mukadutsa chalichi ca Dominic Woyera, mudzafika pa makwerero 68 opita ku mabwinja a Paulo Woyera. Chalichi cimeneci cinamangidwa ndi Ajezuiti kuyambira mu 1602, ndipo ena mwa osema miyala yake anali Akristu a ku Japan othawa cizunzo kwao. Moto unacitentha mu 1835, nusiya khoma la kutsogolo lokha. Lawirirani m'mamawa khamu lisanaculuke, ndipo musathamange: kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapenyetsetsa mudzaona Amai Maria atasemedwa pafupi ndi zilembo za Cichaina. Musaiwale chalichi ca seminale ya Yosefe Woyera, m'mene amasungamo fupa la mkono wa Francis Xavier Woyera, amene anafera pa cisumbu ca Shangchuan mu 1552 akulakalaka kulowa m'China. Mukafika pa kacisi wa A-Ma, kumbukirani kuti eni ake ali pa mapemphero. Musapokosere kapena kuwajambula mopanda ulemu.

Amene angathe kusankha masiku akumbukire midipiti iwiri: wa Ambuye osenza mtanda, pa Loweruka ndi Sondo yoyamba ya Lenti, ndi wa Amai Maria a ku Fatima pa 13 Meyi, umene umacoka pa Dominic Woyera kukwera phiri la Penha.

Cacinai, thumba lanu. Ndalama ya kumeneko ndi pataca, koma madola a Hong Kong amalandiridwanso. Pataca ndi yovuta kusintha kunja kwa Macau, cotero musabwere nayo yambiri. Magalimoto amayenda kumanzere monga kuno kwathu. Lawani timakeke ta mazira ta Cipwitikizi, ndi galinha à africana, nkhuku yoocha ya tsabola imene dzina lake likumbutsa maulendo a Apwitikizi ku Afirika.

Potsiriza, cenjezo. Macau ndi mzinda wa njuga wochuka pa dziko lonse, ndipo nyumba za njuga zimanyamula alendo pa mabasi aulere kucokera pa malire. Ulere umenewo ndi nyambo. Ndalama zimene mwanyamula ndi mpamba wa malonda, mwinanso ngongole, mwinanso fizi ya ana. Banja limene linakuperekezani likudikira kuti mubwere ndi katundu ndi nkhani zabwino. Muyende bwino, ndipo tidzakumananso mwezi wa mawa.