Diso Lokha Silikwanira Kuyeza Nkhungu

Pa 27 March 1977, ndege ziwiri zikuluzikulu, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinagundana pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndipo anthu 583 anafa. Zifukwa zake zinali zingapo, china mwa izo kusamvana pawailesi, koma nkhungu ndiyo inaphimba zonse: oyendetsa ndegezo sanaonane msanga, ndipo olondolera ndege ali pansanja sanathe kuziona. Nkhungu ya tsikulo inkabwera ndi kuchoka m'kanthawi kochepa.

Chichokere kale, woyang'anira zanyengo amayeza kutalika kwa pamene maso angafike poyang'ana phiri, nyumba kapena nyali imene akudziwa mtunda wake. Njira imeneyi ndi yabwino, komabe maso a anthu amasiyana, amatopa, ndiponso sangathe kunena msinkhu umene utsi wayala m'mwamba. Apa ndi pamene chida chotchedwa lidar chimaposa munthu.

Chida chimenechi chimadalira kuwala kwa laser, kumene Theodore Maiman anayamba kukutulutsa m'chaka cha 1960. Chimaponya kuwalako m'mwamba mothwanimathwanima. Kukagunda timadontho ta nkhungu, fumbi kapena utsi, kwina kumabwerera, monga momwe mawu amabwererera munthu akafuula m'chigwa. Popeza kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, nthawi imene kwatenga kuti kubwerere imaulula mtunda. Mtambo ukakhala pa mamita 1,500, kuwalako kumapita ndi kubwerako m'gawo limodzi la magawo 100,000 a sekondi. Kufooka kwake nakonso kumasonyeza kuchindikala kwa nkhunguyo. Akatswiri a zanyengo anagwirizana kuti malire a kuona ndi mtunda umene kuwala kumataya magawo 95 mwa 100 a mphamvu yake.

Phindu lake linaoneka mu April 2010, pamene phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland linaphulika. Phulusa lake linaimitsa maulendo a ndege pafupifupi 100,000. Phulusa lotere limaononga injini ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, ndipo zida za lidar za m'maiko a ku Ulaya zinathandiza kusonyeza msinkhu umene linali kuyenda.

Ena amati zida zotere n'zodula, n'zoyenera maiko olemera okha. Kudulako n'koona, koma mavuto amene zimayeza samasankha dziko. Aliyense amene anaona mapiri akubisika ndi utsi wa moto wa kutchire m'miyezi ya August ndi September akudziwa zimenezi. Utsi womwewu ndiwo unabweretsa asayansi kummwera kwa Africa pa kafukufuku wa SAFARI 2000, amene anauyeza ndi lidar yonyamulidwa m'ndege. Utsi umene umabisa phiri ndi womwewo umene umalowa m'mapapo a ana.

Komabe chidachi chili ndi malire ake. Chimaona kumene chalozetsedwa kokha, ndipo kuwala kwake sikuboola mtambo wochindikala. Galasi lake likada ndi fumbi, chikhoza kupereka manambala olakwika. Choncho boma limene lingagule chida n'kuleka kuphunzitsa wochisamala ndi womasulira zimene chikunena lataya ndalama pachabe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: makina ndi diso la munthu wophunzira ziyenera kugwirira ntchito pamodzi.

Udindo waukulu tsono uli m'kalasi. Mphunzitsi safunika laser kuti aphunzitse zimenezi. Tochi yowalitsidwa m'chipinda chamdima, ndi fumbi la choko lowazidwa patsogolo pake, zikwanira kuonetsa ana momwe kuwala kumamwazikira. Ndipo wachinyamata amene watsiriza sukulu asapeputse masamu a liwiro, nthawi ndi mtunda, pakuti ndi masamu omwewo amene amathandiza woyendetsa ndege kudziwa ngati atere kapena atembenukire ku bwalo lina.