Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Bungwe Loteteza Chilengedwe la MEPA: Majumbo Akachoka, Tinyamulire M'chiyani?

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mmodzi wa amayi amene timaluka zikwama ndi majumbo otha ntchito muno mu Blantyre. Mwina mungaganize kuti munthu wa ntchito yotere angadane ndi lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, poti ndiwo ulusi wake. Ayi ndithu. Ndikufuna lamulolo ligwire ntchito mpaka ndidzasowe jumbo yoti ndidule. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti lamulo lapambana kukhoti, koma mayi amene akutuluka mumsika wa Limbe ndi tomato, anyezi ndi usipa sanapatsidwe choti anyamulire m'malo mwa jumbo. Ngati manja ake akhalabe choncho, majumbo apitiriza kugulitsidwa mobisa, kunsi kwa benchi.

Mbiri ya nkhaniyi mukuidziwa kuposa ine. Boma linaletsa mapulasitiki osakwana ma micron 60 mu 2015. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti, lamulo linaima. Mu July 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo n'loyenera, ndipo mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analimbikira nkhaniyi osatopa, analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021. Ziletso zina za khoti zinabweranso, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti linakumasulani manja. Zaka 10 zonsezo dziko linkapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ambiri mwa iwo ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Kafukufuku wina ku Mponela anapeza kuti pa ziweto 100 zilizonse zophedwa, pafupifupi 40 zinali ndi pulasitiki m'mimba. Aliyense amene anawetapo mbuzi akudziwa mmene imaondera ikameza jumbo: imadya koma osanenepa, mimba ili tuu, mpaka kufa.

Ndiloleni ndikufotokozereni ntchito yathu, chifukwa ambiri amaiona itatha kale pa tebulo la chionetsero.

Jumbo timayamba taichapa ndi sopo n'kuiyanika pamthunzi. Ikauma timaiyala, kuipinda m'litali, kudula zogwirira ndi msoko wa pansi. Chotsalacho timachidula mopingasa, timizere ta zala ziwiri m'lifupi, ndipo kamzere kalikonse mukakafunyulula kamakhala kozungulira. Timapisa kena m'kanzake n'kukoka pang'onopang'ono kuti pamange mfundo yaing'ono. Mukakoka ndi mtima wapachala kamaduka, makamaka ka jumbo yopyapyala, n'chifukwa chake yotereyi timaidula mokulirapo. Tikalumikiza tambiri timakulunga mpira, ulusi wapezeka. Singano yake ndi ya ngowe ija tinkalukira madoilo ndi zipewa za makanda, koma yonenepa. Amene alibe amasema yake ndi nsungwi. Timayambira pansi pa chikwama, moluka mothina kuti nyemba zisatuluke, kenako kukwera m'mbali. Zogwirira timaziluka kawiri, popeza chikwama chimafera pamenepo. Chimodzi chimadya majumbo makumi angapo ndi masiku angapo a ntchito, ndipo zala zimachita zikang'a chifukwa pulasitiki siterera ngati ulusi wa juzi. Koma chikatha n'cholimba zedi. Chimanyamula mbatata, ufa, ngakhale makala; mvula ikachinyowetsa mumangochikutumula; chikada mumachapa n'kuyanika. Majumbo akuda, abuluu ndi amizeremizere aja, mukawasakaniza mwaluso, munthu sakhulupirira kuti anali zinyalala.

Ntchitoyi ndimainyadira. Komabe, Bwana, wina asakuuzeni kuti oluka ndife yankho la zinyalala za mumzinda. Ife timatola majumbo aakulu okhaokha, osang'ambika, amene angachapike. Timapepala tating'ono toonekera mkati, timene amaikamo tchipisi, mafuta ophikira, shuga ndi mchere wa tsiku limodzi, sitilukika: n'tating'ono, ndiponso tonona mafuta. Timeneti ndi timene tadzaza ngalande za ku Ndirande ndi mtsinje wa Mudi, ndi timene timatseka makalavati madzi n'kusefukira m'nyumba za anthu. Jumbo imene yagona m'ngalande sitiikhudza. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa zokwanira. Ndiye ngakhale mayi aliyense wa mu Blantyre atagwira singano, zimene tingachotse n'zochepa poyerekeza ndi zimene fakitale imodzi imatulutsa pa tsiku. Palinso chinthu chimene chimandiwawa mtima: oluka ena, pofuna mtundu wowala umene kasitomala waitanitsa, amagula majumbo atsopano n'kuwadula. Chikwama chotero chimangowonjezera phindu la wopanga majumbo, ngakhale chigulitsidwe ndi dzina losamala chilengedwe.

Ku Gambia, m'mudzi wa Njau, mayi Isatou Ceesay anayamba ntchito ngati yathuyi mu 1997 ndi amayi anzake ochepa, ataona mbuzi zikufa ndi majumbo. Ankaluka tizikwama ta ndalama n'kugulitsa, ndipo amayi ambiri anapeza nazo chakudya ndi fizi ya ana. Kulukako kunatsegula anthu maso, koma dziko lawo linaonabe kuti pafunika lamulo, ndipo linaletsa majumbo mu 2015, chaka chomwecho ndi ife. Phindu lenileni la chikwama cholukidwa silili pa majumbo amene chameza. Lili pa majumbo amene mwini wake sadzagulanso m'zaka zimene akuchinyamula.

Zonyamulira si zachilendo kwathu kuno. Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu kapena beseni, mafuta ankagulira m'botolo lochokera kunyumba, ufa ankamanga phukusi pa chitenje. Mpaka lero ku Mangochi ndi ku Salima kuli oluka mabasiketi a mlaza amene amakhala zaka. Pa khonde lililonse la sitolo pali telala amene angasoke chikwama ndi zidutswa za chitenje kapena thumba la mpunga. Luso lilipo, ndipo ife oluka majumbo, ulusi wathu ukatha, manja omwewa adzaluka khonje ndi nsanza za kaunjika. Vuto ndi mtengo ndi malo. Jumbo ndi ya ndalama yochepa, nthawi zina wogulitsa amangokupatsani, ndipo imapezeka pomwe mwaimapo. Chikwama chimafuna ndalama yochuluka pa kamodzi, ndipo munthu wodalira ganyu, amene ndalama ya lero ndi ya ndiwo za lero, sangapite kukachifuna kushopu ya alendo oona malo.

Ndikupempha kuti mukhale pansi ndi makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, popeza misika ndi yawo, kuti pa chipata chilichonse cha msika pakhale malo a ogulitsa zonyamulira zokhalitsa, ndipo kwa kanthawi asamadulitsidwe tikiti ya msika. Ndipo musaiwale anyamata aja amayenda ndi majumbo pamkono, kukutsatirani kuchokera pa tomato mpaka pa nsomba. Lamulo likuwachotsera nsima pakamwa. Komatu palibe amene amadziwa kugulitsa chonyamulira kuposa iwo. Atapatsidwa zikwama pa ngongole, kudzera m'magulu a oluka ndi matelala kapena m'mabanki m'khonde, angakhale oyamba kufalitsa kusinthaku m'malo mothawa apolisi. Matelala nawo aganizire abambo. Ambiri amachita manyazi kunyamula dengu pamsewu, koma chikwama chansalu chopindika, cholowa m'thumba la buluku kapena chomangika pa keriyala ya njinga, angachitenge mosavuta.

Pali msampha umene Kenya anagwamo. Ataletsa majumbo mu August 2017, msika unadzaza ndi zikwama zooneka ngati nsalu koma zili pulasitiki yomweyo. Opanga anayamba kuzipyapyalitsa kuti zitchipe, anthu n'kumazitaya atanyamulira kamodzi, mpaka mu 2019 bungwe lawo loona zachilengedwe la NEMA linalengeza zoletsanso zopyapyalazo. Zikwama zimenezi zafika kale m'masitolo athu, ndipo zina zimang'ambika zogwirira musanafike pa siteji ya minibasi. Gwirizanani ndi a Malawi Bureau of Standards kuti pakhale muyezo wa kulimba kwake zisanachuluke. Ngakhale chikwama cha thonje si cholungama pachokha. Bungwe loona zachilengedwe ku England linawerengera mu 2011 kuti chimafunika kugwiritsidwa ntchito ka 131 kuti chipose jumbo wamba pa nkhani ya mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa kulima thonje ndi kuwomba nsalu kumadya zambiri. Kwa mayi amene amapita kumsika tsiku lililonse, imeneyo ndi miyezi yosakwana 5, palibe vuto. Koma zikwama zodindidwa mayina a mabungwe, zogawidwa pa misonkhano ya m'mahotela kwa anthu amene ali nazo kale mulu kunyumba, sizithandiza kanthu. Ndalama imeneyo ikanagula zikwama kwa matelala a m'maboma n'kukazigulitsa motchipa m'misika.

Za ma micron 60 zija, palibe wogulitsa mandasi amene angaziyeze ndi zala. Micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Onetsetsani kuti jumbo iliyonse yololedwa yadindidwa dzina la wopanga ndi kukhuthala kwake, kuti wogula ndi wogulitsa azitha kuwerenga okha. Ndipo mphamvu zanu zithere kumene majumbo amachokera: m'mafakitale, m'nyumba zosungira katundu za ogulitsa pikupiku, ndi m'zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Kulanda timapepala ta mayi wogulitsa zitumbuwa pamene makina akulirabe usiku ndi kudula masamba kusiya tsinde, ndipo kumachititsa anthu osauka kuona lamulo ngati mdani wawo.

Majumbo amene mwalanda musawawotche. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni, ndipo m'makomo mwathu tikuupuma kale wokwanira: ambiri amakolezera mbaula ndi jumbo m'mawa uliwonse, ena amavundikira nayo chinangwa ndi mbatata mumphika kuti zipse msanga. Uthenga wa zimenezi uyenera kumveka pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, osati m'Chingerezi chokha. Majumbo olandidwawo, ngati ali aukhondo, adulidweni zogwirira ndi msoko pamaso panu kuti asabwererenso pamsika, kenako muwapereke ku magulu a oluka odziwika kukhonsolo, ku sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi ku ndende kumene akaidi amaphunzira luso. Akhale ulusi womaliza, utuluke ngati zikwama zimene zidzalowe m'malo mwa majumbo omwewo.

Pali funso limodzi limene makasitomala amandifunsa ndipo ndikulipereka kwa inu. Chikwama cholukidwa sichikhala mpaka kalekale. Dzuwa limachiumitsa, pakapita zaka chimayamba kuyoyoka tizidutswa timene nkhuku zimatola ndipo mvula imakokolera kumtsinje. Chikafika pamenepo, m'dera lathu mulibe malo olandirira pulasitiki yotha, ndipo galimoto ya zinyalala ikabwera imasakaniza zonse n'kukataya ku Mzedi. Ine ndimawauza kuti asawotche, asakwirire m'munda, achisunge m'thumba. Matumbawo akudzaza, Bwana. Tiuzeni kumene tikawatule, ndipo mutiuze mvula isanayambe.

Ine wanu,
Mayi woluka zikwama,
Ndirande, Blantyre