Za Makedzana: Mtsinje Umene Unalera Ufumu wa Egypt

Dziko la Egypt, limene m'Malembo Oyera timalitcha Ejipito, lili kumpoto kwa Africa wathu yemweyu. Anthu ambiri akamva dzina lake aganiza za manda aakulu a mafumu, koma ine ndifuna kuti tiyambe tayang'ana chimene chinadyetsa amisiri amene anamanga mandawo.

Ku Egypt mvula siigwa kwenikweni, ndipo mbali zonse ziwiri kuli chipululu cha mchenga. Moyo wonse unali pa mtsinje wa Nile. Mvula ikagwa kumapiri a Ethiopia, madzi ankafika ku Egypt m'mwezi wa July, nasefukira m'minda kufikira October. Pophwa ankasiya matope akuda achonde, ndipo anthu ankafesamo tirigu ndi barele, monga achitira abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje m'madimba a Shire. Chifukwa chake eni ake anatcha dziko lawo Kemet, ndiko kuti dziko lakuda.

Koma mtsinje ulibe pangano ndi munthu: madzi akachepa kunali njala, akachulukitsa ankagumula midzi. Tsono anthu aja anaphunzira kuuyesa. Pa chilumba cha Elephantine, pafupi ndi Aswan, anasema makwerero otsikira kumadzi, nalembapo miyeso, kuti adziwiretu kukula kwa dzinthu dza chakacho. Anagawa chaka m'nyengo zitatu: ya chigumula, ya kufesa ndi ya kukolola, miyezi 12 ya masiku 30, ndi masiku 5 owonjezera, onse pamodzi 365. Alembi awo ankalemba pa mapepala a gumbwa, nawerenga tirigu yense wolowa m'nkhokwe za mfumu.

Cha m'ma 3100 Khristu asanabadwe, mfumu Narmer inagwirizanitsa chigawo chakumtunda ndi chakumunsi. Cha m'ma 2560 anatsiriza manda a mfumu Khufu ku Giza, otalika mamita 146, omangidwa ndi miyala yoposa 2 miliyoni. Antchito ake ankalandira mkate ndi mowa, pakuti ndalama kunalibe. Nkhokwe zikadakhala zopanda kanthu, palibe mwala umene ukadakwera. Ndipo cha m'ma 2180, madzi atachepa zaka zambiri, njala inagwa, ufumu wakalewo nugawanika. Ndi m'dziko lomweli m'mene Yosefe anakundika tirigu zaka 7 za dzinthu, kuti anthu apulumuke zaka 7 za njala.

Lero Nile sasefukiranso ku Egypt, popeza mu 1970 anatsiriza damu lalikulu la Aswan. Koma phunziro lake likhalabe, makamaka kwa ife a kuno ku Blantyre. Makolo athu anaona njala ya 1949. Ife tinaona madzi ndi matope a namondwe Freddy akutsika phiri la Soche mu March 2023, natenga nyumba ndi abale athu. Madzi apatsa, madzi alanda.

Chifukwa chake, inu bambo ndi mayi, musagulitse chimanga chonse pa nthawi ya masika pamene mtengo uli pansi. Werengani matumba ndi miyezi, kuti chifike mpaka February. Ndipo pomanga nyumba, funsani akulu kumene madzi amadzera.

Mwezi wamawa tidzakamba za malembedwe awo, amene Champollion anawamasula mu 1822.