Khansa ya Ana Ifuna Mtsogoleri Wodziwika Dzina

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la WHO, liwerenga kuti caka ndi caka ana ngati 400,000 a zaka zosapitirira 19 amagwidwa ndi nthenda ya khansa. M'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 ali onse amacira, koma m'maiko ambiri osauka ocira safika ndi 30 omwe. M'caka ca 2018 bungweli linaika malire akuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 ali onse azicira. Cakaco ciri pafupi, ndipo ife tiganiza kuti dziko lofuna kufikapo liyambe ndi kusankha dotolo mmodzi wa ana, wodziwika dzina, woti atsogolere nchito yonseyi ndi kuyankhapo ikapanda kuyenda.

Nthendayi si yacilendo kuno kwathu. M'caka ca 1958 Dotolo Denis Burkitt, ali ku Kampala, analongosola cotupa ca m'nsagwada za ana cimene lero cidziwika ndi dzina lace. M'caka ca 1961 iye ndi anzace awiri anayenda mamailosi 10,000 pa galimoto, nafunsa m'zipatala za Nyasaland, Rhodesia ndi maiko ena, napeza kuti cotupaco cicuruka m'madera otentha ndi a mvula, kumene malungo ali ambiri. Cimakula msanga koopsa, komanso cimamva mankhwala msanga ngati mwana wafika nthawi isanathe.

Phindu la utsogoleri wabwino linaoneka pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Profesa Elizabeth Molyneux anayang'anira ana odwala khansa zaka zambiri. Iye ndi anzace anaona kuti mankhwala aukali operekedwa ku Ulaya angathe kupha mwana wowonda ndi njala, makamaka pa cipatala cocepa mwazi ndi anamwino. Anakonza njira yofewerapo ndi yotsika mtengo, yodalira mankhwala a cyclophosphamide, ndipo pafupifupi theka la ana a cotupa ca Burkitt anali bwino patapita caka. Momwemonso, kuyambira 2014 zipatala za ku Malawi, Ghana ndi Cameroon zinagwirizana kuciza cotupa ca impso ca Wilms mwa njira imodzi, ndi kuthandiza makolo pa ndalama za ulendo. Ana otsiriza mankhwala alibe nthenda anakwera kucoka pa 52 kufika pa 68 mwa 100 ali onse. Mankhwalawo anali odziwika kale. Cimene cinasintha ndi dongosolo.

Tsono nchito ya mtsogoleri wotere njotani? Aonetsetse kuti mwana wa ku Mzuzu aciritsidwa mwa njira yomweyo ya mwana wa ku Lilongwe kapena Blantyre. Awerenge mankhwala ofunika caka conse, kuti asathe mwana ali pakati pa kulandira. Asunge kaundula wa odwala onse, ocira ndi omwalira, ndi kulondola amene analeka panjira. Aphunzitse anchito a m'zipatala zazing'ono kuzindikira cotupa ca tsaya, mimba yotupa, kapena kadontho koyera m'diso la khanda. Asaiwalenso mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16, amene wakula kuposa cipinda ca ana, koma akagonekedwa pakati pa akulu amasowa womsamala monga mwa msinkhu wace. Cifukwa ca ici mtsogoleriyo akhale dotolo amene akali kuona odwala, wodziwa cimene casowa m'cipinda m'mawa uno.

Ena adzati mutu umodzi susenza denga. Nzoona, ndipo dotolo sangacize popanda anamwino, opima mwazi ndi ocita opaleshoni. Komatu pokweza denga pamakhala mmisiri mmodzi wonena pogwira, ndipo likapendeka tonse tidziwa womfunsa. Cotero tipempha maboma a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuti kumene mpando wotere ulipo kale aupatse mphamvu ndi ndalama, kumene kulibe aukhazikitse, ndipo mwini mpando azipereka ciwerengero cace poyera caka ciri conse.

Kwa inu awerengi athu, amene mulandira malipiro pa mwezi, nkhaniyi ikhudza thumba lanu. Mwana akagonekedwa, amace amakhala naye masabata ambiri, atate namataya masiku a nchito ndi ndalama za basi, ndipo apa mpamene ambiri amalekera mankhwala. Mabungwe anu a anchito apemphe chuti ca kholo lodwazika mwana. Funsani aphungu anu dzina la dotolo wotsogolera nchitoyi m'dziko lanu. Ndipo cotupa cimene cikula pa mwana cisadikire malipiro a kutha kwa mwezi, pakuti mmera mpoyamba.