Mbuzi ya kadamsana

 Ena mwamva kale kuti m'khola mwanga muli mbuzi yaikazi imene ndaipatula, yosagulitsa ngakhale pa Khirisimasi, moti ana aipatsa dzina loti Kadamsana. Nkhaniyi pofika pamsika wa Golomoti inali itamera nyanga, ati mkulu uja mutu wayamba kusokonekera. Ndiye bola ndifotokoze ndekha.

Pa 25 November 2030, Lolemba m'mawa, mwezi udzaphimba dzuwa lonse. Mthunzi wake udzalowera ku Namibia, kudutsa Botswana, South Africa ndi Lesotho, n'kukagwera m'nyanja cha ku Durban. Ine ndikufuna tsikulo likandipeze nditaima pansi pa mthunzi umenewo. Mbuzi ija ndi ana ake ndiwo thiransipoti yanga.

Amene munalipo mukukumbukira pa 21 June 2001. Linali Lachinayi, cha m'ma 3 koloko masana. Ine ndinali pakhomo ndikutonola chimanga. Dzuwa linafooka ngati nyali yotha parafini, kunja kunazizira, ndipo pansi pa mtengo wa mango timadontho ta kuwala tija tonse tinasanduka ngati timiyezi tongooneka kumene. Tinadabwa, tinaitanizana, kenako kunayeranso. Ine ndinkati ndaona kadamsana. Patapita miyezi anabwera malume amene ankakhala ku Lusaka, n'kundiseka: "Mphwanga, iwe unangonunkhiza ndiwo za eni." Kwawoko dzuwa linazimiratu kwa mphindi zitatu ndi kanthu. Ankati pamalo pa dzuwa panatsala chibowo chakuda chozunguliridwa ndi kuwala koyera ngati ulusi wa thonje, nyenyezi zina zinaoneka masanasana, ndipo anthu aakuluakulu ankakuwa ngati ali ku mpira. Malumewo anatisiya kale, koma mmene maso awo ankachitira pofotokoza sindiiwala.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mthunzi weniweni wa mwezi ndi kamzere kopapatiza. Wa 2030 m'lifupi mwake sudzafika n'komwe makilomita 200. Ukakhala kunja kwa kamzereko, kachidutswa ka dzuwa kotsalako kamawalabe kwambiri moti zonse zimene malume ankanena sizioneka. Kuno kwathu mu 2030 tidzangoonanso dzuwa lolumidwa mbali, ngati mmene zinalili pa 4 December 2002 ndi pa 1 September 2016. Mwina amene adzadandaule ndi magalasi a sola aja pa Golomoti, basi.

Mayi a kunyumba atamva anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo, mwati mukwere basi masiku awiri kukaona mdima? Mdima umene umabwera wokha pakhomo pano usiku uliwonse, waulere?" Ndinasowa poyankha, ndivomere. Komatu funso lawo lachiwiri ndi limene lili ndi mano: kumapeto kwa November mlimi amachoka pakhomo? Apa sindikutsutsa. Mvula yobzalira ikakupeza uli ku Beitbridge, walemba m'madzi chaka chonse. Kungoti kuno kuchigwa sitili ngati anzathu a ku Bembeke. Zaka zambiri zimene ndalima, mvula yodalirika imatipeza December atalowa. Ndiye pulani yanga ndi iyi: mizere ithe mu October, mbewu ndi feteleza zikhale m'nyumba, nazale ya mpunga ndisiyire mlamu wanga amene ali ndi puloti ku sikimu ya Bwanje. Ikagwa ndili kumsewu, anyamata abzala. Ulendo wonse usapitirire masiku khumi.

Tsopano chimene chandichititsa kulemba. Taganizani maulendo aatali amene munthu wa m'mudzi muno anayendapo. Ndi maliro, ndi chipatala, kapena ndi ku Joni kukasaka ganyu. Tikagulitsa mbuzi kuti tikaike m'bale ku Blantyre palibe amafunsa. Tikagulitsa kuti tikaone chinthu chokongola tikadali ndi maso, akuti misala. Azungu amachoka kutali kudzaona zigoba za gule ku Chamare pa Mua, ife n'kumati ali ndi ndalama zotaya. Ndalama ali nazodi, koma ine ndikuona kuti chinanso ali nacho n'chakuti sachita manyazi kufuna kuona. Mu 2001 anadzaza Lusaka, ena ochokera kutsidya kwa nyanja, pamene ife oyandikana nayo tinali kutonola chimanga osadziwa kuti zikuchitika pakhomo pa mnansi.

Pali ena andiuza kuti kadamsana ndi malodza, sasakidwa dala. Amakumbutsa kuti wa 2001 atadutsa kunabwera njala ya 2002. Njala ija ndikuikumbukira bwino, tinadya zosadyeka, ndipo sindiseka munthu woopa. Koma njala inabwera chifukwa zokolola zinavuta ndipo chimanga chinasowa m'misika. Mwezi sunalowe m'nkhokwe ya munthu. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba kalekale: akatswiri amawerengera tsiku, ola ndi mphindi zaka zambiri zisanafike. Malodza otani odziwitsiratu deti? Ndipo ife a dera la Inkosi Kachindamoto tisamachite ngati nkhani ya kadamsana ndi yachilendo kwa Angoni. Chaka chimene Zwangendaba anawolotsa anthu ake pa Zambezi chimadziwika bwino chifukwa tsiku lowolokalo dzuwa linada, mu November 1835. Inde, athu kuno ndi a Maseko, anayenda njira yawo, koma mtsinje ndi womwewo umene basi yanga idzawoloke pa Tete.

Njira yake ambiri mukuidziwa kuposa ine: kukwera Khwekhwerere, kulowa Mozambique, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg. Chimene sindinamange mutu ndi poima. Ku Durban kuli ana athu ambiri, malo ogona sangavute. Koma November kugombe kuja mitambo siichedwa. Pakati pa mzere m'pamene mdima umakhalitsa, ngakhale kuti ku South Africa konse sudzakwana mphindi zitatu. Chakumtunda, kuyandikira Botswana, n'kouma, mwayi woona kumwamba koyera ndi wochulukirapo. Ndikudziwa kuti nditha kugulitsa mbuzi zonse n'kukaona mtambo. Chimenecho ndavomera kale, ngati mmene timavomerera pobzala.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, opita ndi otsala omwe. Mu 2001 ena tinkayang'ana dzuwa kudzera pa galasi lodetsedwa ndi mwaye, ena m'beseni la madzi. Zonsezo n'zoononga maso, ndipo diso likamapsa m'kati silimva kuwawa, umadzazindikira mochedwa. Magalasi akuda a pamsika nawonso ayi. Pali magalasi ake enieni opangira zimenezi. Ngati mulibe, tengani chipepala cholimba, boolani kabowo, mufulatire dzuwa n'kumaona chithunzi chake pansi. Kapena ingokhalani pansi pa mango muziona timiyezi tija.

Inu a ku Joni ndi ku Durban, ndiuzeni mitengo ya basi ya masiku ano ndi kumene munthu angagone motchipa chakumtunda. Pasipoti ndiyamba kuyendera ndikangogulitsa mpunga, poti zija sizituluka tsiku limodzi. Amene akufuna tipitire limodzi apatule yake mbuzi, tikakwana asanu tiyambitsa kabanki m'khonde kathu.

Mayi a kunyumba dzulo anena mawu atsopano. Ati Kadamsana akaswa mapasa, mmodzi ndi wa tikiti yawo, chifukwa sangalole kuti zaka zawo zotsala azimva nkhaniyi kwa ine.