Magalasi sangalowe m'malo mwa mphunzitsi

Dokotala asanaike mpeni pa wodwala, amayenera kudziwa pamene mtsempha uliwonse wadutsa. Kwa zaka mazana ambiri, ophunzira udokotala akhala akuphunzira zimenezi pong'amba mitembo. Koma mitembo imasowa, ndipo kuisunga kumafuna mankhwala ndi zipinda zapadera. M'maiko ambiri a mu Africa, sukulu zimadalira mitembo imene abale sanabwere kudzaitenga, pakuti kwathu kuno banja silikhala mtima m'malo lisanaike m'bale wake m'manda.

Masiku ano kwabwera luso lotchedwa virtual reality. Wophunzira amavala magalasi apadera oyendera kompyuta, ndipo amaona thupi la munthu ngati laima patsogolo pake. Angathe kuchotsa khungu ndi minofu, kuuzungulira mtima, kenako n'kubwezera zonse m'malo mwake. Akalakwitsa amangoyambiranso, pomwe mtembo ukadulidwa wadulidwa.

Ku America, yunivesite ya Case Western Reserve inapanga maphunziro otchedwa HoloAnatomy. Mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu m'chaka cha 2020, yunivesiteyi inatumiza magalasi kwa ophunzira 185 a chaka choyamba, ndipo anapitiriza maphunziro ali kwawo.

Lusoli lafikanso m'chigawo chathu. Ku Lusaka, akatswiri a m'Zambia, mogwirizana ndi anzawo a ku America ndi ku Britain, anayesa magalasi otsika mtengo, a mtundu wa masewera a pakompyuta, pophunzitsa madokotala opaleshoni yochotsa chiberekero kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2019. Nkhani imeneyi ikutikhudza tonse, chifukwa khansayi ikutha amayi ambiri m'midzi ya ku Malawi ndi ku Zambia, kumene madokotala a opaleshoni ndi ochepa.

Komabe tisatengeke ndi kunyezimira kwa zida. Magalasi saphunzitsa chala kusiyanitsa mnofu wofewa ndi chotupa cholimba. Thupi la m'kompyuta limakhala lolongosoka, pomwe matupi athu amasiyana munthu ndi munthu. Mtembo umaphunzitsanso ulemu, pakuti wophunzira amadziwa kuti wagona pamenepoyo anali mwana wa munthu. Kuwonjezera apo, zidazi zimafuna magetsi odalirika ndi amisiri ozikonza, ndipo zimatha fasho msanga: kampani ya Microsoft inasiya kupanga magalasi a HoloLens 2, amene HoloAnatomy inkadalira, mu 2024.

Choncho inu alangizi ndi a m'makomiti a zaumoyo, mukamva kuti abwenzi akufuna kuigulira zida zotere sukulu ya zaumoyo, zilandireni, koma funsani mafunso atatu. Adzaphunzitse nazo ndani? Zikafa adzakonze ndani? Nanga ophunzira adzakhalabe ndi nthawi yoima pambali pa dokotala wamkulu m'chipatala? Mlimi sadziwa nthaka poona chithunzi chake. Amaidziwa ataigwira m'manja.